Achimwene achotsedwa ntchito m'boma pa nkhani ya makuponi a mafuta: apilu tiyambire pati?

Nangozo wa ku Ntcheu

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya achimwene anga, odziwa malamulo a ntchito m'boma mutiunikire.

Achimwenewa agwira ntchito yosunga katundu pa ofesi ina ya boma kwa zaka 12, ndipo m'fayilo mwawo mulibe chenjezo ngakhale limodzi. Chaka chatha ma odita anapeza kuti makuponi a mafuta sakugwirizana ndi zimene zinalembedwa m'buku. Anawapatsa kalata yowaimitsa ntchito, apolisi anawafunsa kawiri, kenako nkhani ya kupolisiyo inangozizira, kukhothi sanapiteko. Patatha miyezi 7 analandira kalata ya milandu iwiri, kusasamala pa ntchito ndi kusowetsa katundu wa boma, ndipo anauzidwa kuti ayankhe polemba. Anayankha masamba atatu, kufotokoza kuti makiyi a kabati amasunga anthu awiri, komanso kuti mwezi umene makuponi ambiri anasowa iwo anali pa tchuthi masabata awiri. Sanaitanidwe kukaonekera ku komiti iliyonse. Lipoti la ma odita sanalione ndi maso. Kenako kalata yangofika kuti achotsedwa. Ili ndi ndime ziwiri zokha, ndipo siyikunena kumene angakadandaule.

Patha masabata 6 chilandirireni kalatayo. Ena akuti lemberani Mlembi Wamkulu wa unduna mupepese, ena akuti pitani kwa Ombudsman, ena akuti poti apolisi sanawapeze ndi mlandu ndiye abwezeretsedwa okha. Tiyambire pati? Nanga penshoni ndiye yapita?

Phiri wa ku Kaundula

Pepani ndi zimenezi aNangozo. Musanachite china chilichonse tengani kalendala. Masabata 6 apita kale, ndipo lamulo la Employment Act la 2000, gawo 62, limapatsa munthu miyezi itatu yokha kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule kwa mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lake. Lamuloli limakhudzanso ogwira ntchito m'boma, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende ovala yunifomu. Cholakwika chimene anthu ambiri amachita ndi ichi: amalemba apilu ya mkati, n'kukhala kunyumba kudikira yankho, miyezi isanu n'kudutsa. Apilu ya mkati siyiimitsa masiku aja. Choncho zinthu ziwirizi ziyende sabata yomweyi, apilu uku, ku leba uku.

Tsopano onani pansi pa kalatayo. Wasayina ndani, ndipo akunena kuti chigamulo wapanga ndani? Funso limeneli ndi limene likuuzeni kolowera. Malamulo oyendetsera dziko, gawo 187, amapereka mphamvu yolemba, kulanga ndi kuchotsa wogwira ntchito m'boma kwa Civil Service Commission. Aphunzitsi ali ndi komishoni yawo, azaumoyo yawo, a m'makhonsolo yawo. Bwana wa pa ofesi, ngakhale atakwiya bwanji, sangachotse munthu payekha. Chimene chimachitika n'chakuti komishoni imabwereketsa mphamvu zake kwa komiti ya mu unduna yolemba ndi kulanga ogwira ntchito, imene timaitchula kuti ADC, kuti iziona nkhani za magiredi apansi. Ndiye gawo 188 limati pamene mphamvu zabwerekedwa chonchi, komishoni iyenera kumva madandaulo ndi ma apilu, ndipo ingathe kufafaniza chigamulocho. Ngati yachotsa ndi ADC, apilu ipite ku komishoni. Ngati yachotsa ndi komishoni yeniyeniyo, mkati mwatsala pang'ono, konzekerani za kunja.

Za kupepesa zija ayi. Kalata yoyamba ndi "ndikupempha chifundo, ndili ndi ana asanu pa sukulu" imalowa m'fayilo ngati kuvomera mlandu, ndipo mudzaipeza ikuwerengedwa kukhothi ndi loya wa boma. Kalata ya apilu ikhale youma. Pamwamba dzina, nambala ya ntchito, giredi, malo ogwirira ntchito, ndi nambala ya kalata yowachotsayo ndi tsiku lake. Kenako mbiri ya masiku mwachidule: anaimitsidwa liti, milandu inabwera liti, anayankha liti, anachotsedwa liti. Zikatero zifukwa za apilu, chilichonse ndime yake. Sanapatsidwe lipoti limene mlandu wonse watsamira. Sanaitanidwe kuti afunse mafunso amene akuwaneneza. Yankho lawo la makiyi ndi tchuthi silinayankhidwe paliponse. Kalata yowachotsa siyikupereka zifukwa. Chilango chakula kuposa cholakwa kwa munthu wa zaka 12 wopanda chenjezo. Pomaliza anene chimene akufuna: chigamulo chifafanizidwe, abwerere pa ntchito, alipidwe zonse zimene sanalandire.

Kaperekedwe kakenso nkofunika. Sindikizani makope anayi. Imodzi ipite kudzera kwa mkulu wa ofesi monga mwa dongosolo la boma, ina mukasiye nokha ku komishoni ku Lilongwe, chifukwa kalata yodzera kwa bwana amene ukumudandaula imatha kugona m'dirowa mpaka chaka. Kulikonse kumene mwasiya, a ku registry adinde chidindo cha tsiku pa kope yanu ndi kusayina. Akakana kudinda, tumizani pa positi yolembetsa musunge lisiti. Makalata enieni asachoke m'manja mwanu, perekani mafotokope okha.

Mwale M.

APhiri anena zoona pa masiku. Ine ndiwonjezere za lamulo, kuti mudziwe pamene mwaima mwamphamvu ndi pamene pali poterera.

Gawo 57 la Employment Act limafuna zinthu ziwiri. Pakhale chifukwa chomveka chokhudza khalidwe kapena luso la munthuyo, ndipo asanachotsedwe apatsidwe mwayi wodziteteza pa zimene akunenezedwa. Chimodzi chikasowa, gawo 58 likuti kuchotsako n'kosalungama. Gawo 61 ndiye lokoma kwa inu: amene ayenera kutsimikiza chifukwa ndi olemba ntchito, osati achimwene anuwo, ndipo ayeneranso kuonetsa kuti anachita mwachilungamo poganizira zonse. Pamwamba pa izi, poti ndi boma, pali gawo 43 la Malamulo oyendetsera dziko, limene limati munthu ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo cha boma chakhudza ufulu wake. Gawo limeneli si lokongoletsa buku. Pa mlandu wa Chawani ndi Attorney General, Supreme Court inapeza kuti boma linalakwa kupumitsa munthu ntchito osamuuza zifukwa, ndipo linalipira. Kalata ya ndime ziwiri imene mukunenayo iyesedwe ndi muyeso umenewu.

Poterera ndi apa. Boma lidzati, "tinamupatsa mwayi, anayankha polemba." Ndipo n'zoona kuti si nthawi zonse pamene kumva munthu kumafuna kuti akhale pa mpando maso ndi maso. Choncho musatsamire pa mawu akuti "sanaitanidwe" okha. Tsamirani pa chifukwa chake kuitanidwako kunali kofunika pa nkhani iyi: panali zinthu zotsutsana zimene pepala silingathetse. Makiyi anali ndi ndani tsiku lakuti? Anasayina ndani pa makuponi akuti? Zimenezi zimafuna kuti wosunga kiyi winayo ndi odita afunsidwe, woimbidwa mlandu ali pomwepo. Ndiponso munthu angayankhe bwanji lipoti limene sanalione? Mfundo imeneyi ndi yolimba kuposa zonse zimene mwalemba.

Njira ya kunja imayenda chonchi. Ku ofesi ya leba amalemba dandaulo n'kuitana mbali zonse kuti agwirizanitse. Pakatha mwezi osagwirizana, nkhani ingapite ku khothi la za ntchito, Industrial Relations Court (IRC), ndipo a leba amakupatsani kalata yotumizira. Khothi limeneli lili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mumalemba dandaulo pa IRC Form 1, boma limayankha, kenako mumakumana kaye pamaso pa Registrar kuti muone zimene mukugwirizana ndi zimene zatsala kuti ziweruzidwe. Silikhwimitsa malamulo a umboni ngati makhothi ena, munthu angathe kudziyankhulira yekha, ndipo kawirikawiri woluza salipitsidwa ndalama za loya wa mnzake. Apilu yochokera kumeneko imapita ku High Court pasanathe masiku 30, pa mfundo za lamulo zokha, osati kukayambiranso umboni.

Wosumiridwa akhala Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. N'chifukwa chake maloya amayamba ndi kalata ya masiku 90 yomudziwitsa kuti akufuna kusumira boma. Kalata imeneyonso ipite tsopano, masiku ake aziwerengeka limodzi ndi enawa.

Palinso judicial review ku High Court, kupempha woweruza kuti aunike mmene chigamulo chinapangidwira. Nayonso malire ake ndi miyezi itatu, ndipo imafuna loya. Imagwira bwino pamene wochotsayo analibe mphamvu n'komwe. Koma oweruza amakonda kufunsa kuti bwanji simunapite ku khothi la za ntchito, ndipo ngakhale mutawina, nthawi zambiri chigamulo chimangofafanizidwa, boma n'kuyambiranso mlanduwo mwadongosolo. Pa nkhani yanuyi ine ndingasankhe IRC.

Za chimene mungapeze, kuti musalote zambiri kapena zochepa. Gawo 63 la Employment Act limalola khothi kubwezeretsa munthu pa ntchito yake, kumulembanso pa ntchito ina yofanana nayo, kapena kulamula chipukuta misozi. Chipukuta misozi chili ndi pansi pake: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sanapose zaka 5, masabata awiri kwa wa zaka zoposa 5 mpaka 10, masabata atatu kwa wa zoposa 10 mpaka 15, ndi mwezi wathunthu kwa woposa zaka 15. Achimwene anu ndi 12 kuchulukitsa ndi 3, masabata 36, miyezi 8 ndi kanthu. Pamenepo ndi poyambira, khothi lingakweze poona zimene munthu wataya. Limaonanso ngati iye mwini anathandizira kuchotsedwa kwake, ndiponso ngati wakhala akufunafuna ntchito ina. Ndiye makalata ofunsira ntchito azilemba ndithu ndi kusunga makope, adzafunsidwa.

Nachisale wa Mabuku

Amalamulo atha mbali yawo, ine ndilowe m'sitolo muja, chifukwa mlandu wa makuponi umathera pa mapepala a pa ofesi.

Choyamba chotsani m'mutu zoti apolisi akasiya ndiye kuti munthu wayera. Ndi milandu iwiri yosiyana. Apolisi amafuna umboni wa kuba wosasiya chikayiko chilichonse. Komiti yolanga imangofuna kuona mbali imene ikulemera. Munthu angathe kumasulidwa ndi khothi koma n'kuchotsedwabe ntchito movomerezeka. Ndipo taonani mmene milanduyo inalembedwera: sanati kuba, anati kusasamala ndi kusowetsa katundu. Zolakwa zotere zili pa mndandanda wa mu MPSR, buku la malamulo a ogwira ntchito m'boma, ndime 1:201, ndipo sizifuna kuti wina akuone ukuika makuponi m'thumba. Zimangofuna kuonetsa kuti katundu anali m'manja mwako ndipo sukutha kulongosola kumene wapita. Choncho yankho lakuti "sindinabe" siliyankha mlanduwo. Loyankha ndi lakuti "pa masiku akuti katunduyu sanali m'manja mwanga, umboni nawu."

Umboniwo ndi uwu. Fomu ya tchuthi yovomerezedwa, yokhala ndi tsiku lochoka ndi lobwerera. Kalata ya handover imene anasiyirana ndi wogwirizira, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Handover yabwino imalemba manambala a makuponi otsala, kuyambira wakuti mpaka wakuti, onse awiri n'kusayina, bwana n'kuchitira umboni. Ngati anangosiya kiyi pa tebulo n'kunena kuti "mundionereko," mlandu wa kusasamala uli ndi miyendo, ngakhale atatenga ndi wina. Afunseni achimwenewo mosabisa, ndi bwino mudziwe lero kusiyana n'kukadziwira kukhothi.

Kenako buku la mafuta lenilenilo. Kuponi iliyonse yotuluka imayenera kukhala ndi pempho losayinidwa ndi wololeza, nambala ya galimoto, dzina la dalaivala ndi siginecha yake. Mbali inayo kuli log book ya galimoto, mmene muli makilomita ndi mafuta amene anathiridwa. Mukaika mabuku awiriwa pamodzi, tsiku ndi tsiku, mumaona pamene dzenje lili. Mwina makuponi anatuluka popanda pempho, apo wosunga ali m'madzi. Mwina pempho lilipo koma galimotoyo tsiku limenelo inali pa mawe ku galaja, apo funso likupita kwa wololeza ndi dalaivala. Mwinanso dzanja limene linalemba m'buku masabata awiri aja si lawo. Zimenezi odita amaziona, koma lipoti limangotchula chiwerengero chonse n'kuloza amene udindo wake ndi wosunga.

Mabukuwa ali ku ofesi ndipo sakupatsani mwaulere. Alembe kalata yopempha makope a lipoti la ma odita, masamba a buku la mafuta a miyezi imeneyo, ndi mfundo za msonkhano wa komiti imene inagamula. Akakana kapena akangokhala chete, kope ya pempho yodindidwa ija ikhala umboni payokha, ndipo ku IRC mungapemphe kuti awalamule kubweretsa. Asayerekeze kutuma mnzawo kukaba fayilo usiku, mungowonjezera mlandu wachitatu, n'kumupachikanso mnzakeyo.

Chinthu china choti mulembe mu apilu: wosunga kiyi winayo anafunsidwa? Analangidwa? Ngati anthu awiri anali ndi udindo umodzi, wina wachotsedwa wina akupitabe ku ntchito osafunsidwa n'komwe, komishoni iyenera kufotokoza kusiyanako. Ndiponso boma lili ndi zilango zina zisanafike pa kuchotsa: chenjezo, kutsitsa giredi, kudula ndalama za katundu wosowayo ku malipiro pang'onopang'ono. Gawo 56 la Employment Act limati poona ngati chilango n'choyenera ayang'ane kukula kwa cholakwa, kukula kwa zimene zawonongeka ndi khalidwe la munthuyo m'mbuyomo. Zaka 12 zija zigwire ntchito pamenepa.

Nangozo wa ku Ntcheu

Zikomo kwambiri nonse, maso atseguka. Ndaionanso kalata ija, ikuti ADC inakumana n'kugamula, wasayina ndi wa HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, m'malo mwa Mlembi Wamkulu. Handover ilipo, anasayinirana, koma analemba chiwerengero cha makuponi chokha, manambala ayi. Nanga za Ombudsman ndi penshoni zija? Loya sitingakwanitse.

Phiri wa ku Kaundula

Ndiye apilu ndi ya ku komishoni, mosakayika. Kusayina m'malo mwa Mlembi Wamkulu n'kozolowereka m'boma, musatayirepo nthawi. Chofunika kufunsa ndi chakuti giredi ya achimwenewo ili m'gulu limene ADC inapatsidwa mphamvu yochotsa, kapena inayenera kungotumiza maganizo ake ku komishoni. Funsani a HR polemba. Pemphaninso mayina a amene anakhala pa komitiyo. Ngati bwana amene anawaneneza, kapena amene amaloleza mafutawo, anakhala nawo pogamula, imeneyo ndi mfundo ina yaikulu, munthu sakhala woweruza pa mlandu umene iye ali mbali.

Handover ya chiwerengero chokha ndi yopunduka koma si yakufa. Ngati anasiya makuponi akuti-akuti ndipo pobwera anapeza ochepa osagwirizana ndi zimene zinatuluka m'buku, masamu adzayankhula. Funso limene akonzekere ndi lakuti atabwerako anawerenga, ndipo ngati anaona kupelewera anauza ndani.

Gama wa ku Mzuzu

Mayi, za Ombudsman ndiyankhe ine. Kumeneko n'kwaulere, ndipo amalandira nkhani zambiri za ogwira ntchito m'boma. Koma gawo 123 la Malamulo oyendetsera dziko limamupatsa mphamvu pamene munthu walakwiridwa ndipo sizikuoneka kuti pali njira ina yabwino kudzera kukhothi. Kwa inu khomo la leba ndi la IRC lidakali lotsegula, choncho angathe kukubwezerani komweko, kapena boma lingadzatsutse chigamulo chake ku High Court pa chifukwa chomwecho. Musaike nkhani imodzi kwa Ombudsman ndi kukhothi nthawi imodzi. Kumene amathandiza kwambiri ndi pa kuzengereza: apilu yakhala chaka osayankhidwa, fayilo akuti yasowa, ndalama zimene aliyense akuvomereza kuti ndi zanu sizikutuluka. Musungeni pa zimenezo.

Pa loya, pitani ku Legal Aid Bureau ndi mapepala onse ataikidwa motsatira masiku. Amafunsa za kapezedwe kanu asanakutengeni, ndipo munthu amene malipiro aima amakhala ndi poyambira. Ngati pa payslip pankadulidwa ya Civil Servants Trade Union, apitenso kumeneko, ndi ntchito yawo kuperekeza membala pa nkhani zotere.

Ndalama zigaweni patatu kuti musasokonezeke. Zoyamba ndi zimene munthu amalandira ngakhale atachotsedwa molungama: malipiro mpaka tsiku lochotsedwa ndi masiku a tchuthi amene sanatenge. Onaninso kalata yowaimitsa ija ikuti chiyani pa malipiro, muwerenge mwezi ndi mwezi zimene analandira ndi zimene zinagwidwa, zilowe m'dandaulo. Zachiwiri ndi severance, ndalama zolipira zaka zimene munthu wagwira ntchito. Wochotsedwa molungama chifukwa cha khalidwe salandira, koma khothi likapeza kuti anachotsedwa mosalungama imabwera pambali pa chipukuta misozi chimene aMwale awerengera: masabata awiri pa chaka kwa zaka 5 zoyamba, atatu pa chaka kwa zaka 5 zotsatira, anayi pa chaka kuyambira cha 11. Pa zaka 12 ndi masabata 10, 15 ndi 8, pamodzi masabata 33.

Zachitatu ndi penshoni, ndipo apa payslip ndiyo ikuuzeni. Ngati pakuoneka 5 peresenti yodulidwa mwezi ndi mwezi, ali mu thumba losonkherana limene boma linayambitsa mu 2017 kwa achinyamata, la Public Service Pension Trust Fund, ndipo kumeneko kuli akaunti ya dzina lawo, akapemphe sitetimenti. Ngati palibe chodulidwa, ali mu dongosolo lakale limene boma limalipira lokha galatuwite ndi penshoni munthu akapuma, ndipo m'menemo kuchotsedwa chifukwa cha khalidwe kumaika zonsezo pa chiswe. Kwa munthu wotero mawu akuti "kuchotsedwa" ndi amene ali okwera mtengo, ndiye mu apilu muikemo pempho lachiwiri: ngati komishoni ipeza kuti kusasamala kunalipo, chilango chisinthidwe chikhale chocheperapo.

Akakuitanani kuti mudzasayinire ndalama zomaliza, werengani pepalalo mpaka pansi. Ngati pali mawu akuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso, musasayine tsiku lomwelo, pemphani kope mupite nayo kwa a Legal Aid. Ndipo ngati akukhala m'nyumba ya boma, kalata yowatulutsa ikhoza kufika apilu isanamveke, choncho mu kalata ya apilu muwonjezere mzere wopempha kuti akhalebe m'nyumbamo mpaka chigamulo chituluke.